Mafunso ndi Mayankho: Achimwene anatuluka m'ndende, koma gitala sakumusiya

FUNSO: Achimwene anga anatuluka m'ndende chaka chatha atakhalako zaka 7. Kumeneko anaphunzira gitala ndipo ankatsogolera kwaya, tsono chitulukireni amangokhalira kupeka nyimbo, zambiri zokamba za moyo wa m'ndende womwewo. Ife abale tikufuna aiwale zakale ndi kupeza ntchito, kuti anthu asiye kuwaloza chala. Kodi tiwaletse? Ndine mlongo wodandaula.

YANKHO: Mayi, musawaletse, ngakhale kuti nkhawa yanu ndi yomveka. Mwa zinthu zonse zimene ndende imalanda munthu, chovuta kubweza ndi dzina. Amene anali bambo wa ana kapena mmisiri amasanduka nambala, amavala zofanana ndi anzake, amadzuka ndi kugona pa nthawi yoikidwa ndi wina, ndipo tsiku lotuluka amapeza kuti kunja amukonzera kale dzina lina, lakuti "uja anamangidwa uja". Gitalayo ndi amene anapatsa achimwene anu dzina limene anadzipezera okha.

Tapitani tsiku lina kumene amakonzekera nyimbo ndi anzawo, mukakhale pakona. Mukaona woimba ng'oma atagwira timitengo take, akudikira kuti achimwene anu agwedeze mutu, ndipo akalakwitsa, wina akawauza kuti "Mwafulumira, tibwerezenso." Kwa munthu amene wakhala zaka 7 akuweruzidwa pa mlandu umodzi, kudzudzulidwa pa chinthu chimene angathe kuchikonza pompopompo ndi mankhwala aakulu. Pamalo amenewo amafunika, ndipo akajomba nyimbo siyenda.

Za kuiwala zakale, pamenepo ndiye ndikusiyana nanu. Katswiri wa za umbanda, Shadd Maruna, atacheza ndi anthu a ku Liverpool amene anakhalapo m'ndende, analemba mu 2001 kuti amene anasiyiratu umbanda anali ndi njira yawoyawo yofotokozera mbiri yawo: sankabisa zimene anachita, koma ankaziona ngati njira yowawa imene inawafikitsa pa munthu amene ali lero, wofuna kuthandiza ena. Kupeka nyimbo ndi ntchito yomweyo, chifukwa wopeka amasankha yekha poyambira nkhani, mawu oti atchule ndi pothera, pamene m'khoti nkhani yake inakambidwa ndi anthu ena.

Merle Haggard wa ku America, ali mkaidi m'ndende ya San Quentin, anaonera woimba wotchuka Johnny Cash akuimbira akaidi, anatuluka mu 1960, nadzakhala mmodzi mwa oimba otchuka a nyimbo za country. Poyamba ankaopa kuti anthu adziwa mbiri yake, koma nyimbo zake zokamba za ndende ndi zina mwa zimene anthu anazikonda koposa, ndipo mu 1972 Ronald Reagan, ali bwanamkubwa wa California, anamukhululukira milandu yake.

Komabe pali msampha umene ndikufuna muuyang'anitsitse. Woimba wa ku America Huddie Ledbetter, wodziwika kuti Lead Belly, anajambulidwa nyimbo ndi osonkhanitsa nyimbo, John Lomax ndi mwana wake Alan, m'ndende ya Angola ku Louisiana mu 1933, natuluka chaka chotsatira, koma mu 1935 anaonetsedwa m'kanema wa nkhani atavala zovala zamizeremizere za akaidi, ali mfulu kale. Omvera amakonda nkhani ya mkaidi wolapa (ifenso olemba nkhani sitingadziyeretse pamenepa), ndipo akhoza kumangirira munthu pa nkhani imodziyo moyo wake wonse, kumamuitana kuti adzaimbe za unyolo basi. Achimwene anu akayamba kuitanidwa ngati "mkaidi woimba" m'malo mwa woimba, muwafunse ngati iwo eni akukondwera nalo dzinalo.

Ntchito ifunidwe ndithu, popeza oimba amene amadya za gitala yekha ndi ochepa, koma musaiike ngati chosinthanitsa ndi nyimbo. Munthu amene wazolowera kufika pa nthawi yake kokonzekera nyimbo ndi kumvera mnzake akamuwongolera waphunzira kale zina zimene wolemba ntchito amafuna. Madzulo ano apempheni akuimbireni nyimbo imene apeka posachedwapa, muimvere mpaka kumapeto, kenako muwafunse ngati ali nayo ina yokamba za ana awo kapena za inu.