Uthenga wa mawu: zidindo za pa masupuni a agogo

Alamu, zithunzi zija ndaziona. Mwafunsa ngati masupuni ndi mafoloko amene malemu agogo anasiya mu sutikesi ali a siliva weniweni, ndiponso kuti tizilembo ta kumsanako tikunena chiyani. Choyamba, chonde musawakweche ndi phulusa, mchenga kapena waya wotsukira mapoto, mufufuta zidindozo. Madzi ofunda, sopo ndi kansalu kofewa, basi. Mukatero mujambule pafupi ndi windo, kuwala kuzichokera m'mbali, kuti zilembo zituluke.

Tsono musayambe ndi dzina la wopanga ayi. Yambani mwafufuza mkango. Ku England, chinthu cha siliva weniweni, amene amati sterling, nthawi zambiri chimadindidwa kamkango koyenda, katatukula mwendo umodzi wakutsogolo. Kamkangoko kakutanthauza kuti pa magawo 1,000 alionse, 925 ndi siliva. Pafupi pake pamakhala chidindo cha mzinda umene kuli ofesi imene inayeza silivayo: mutu wa kambuku ndi London, nangula ndi Birmingham, chisoti chachifumu ndi Sheffield mpaka 1974, kenako anasinthira ku duwa. Ku Scotland, nyumba ya nsanja zitatu ndi Edinburgh.

Kasupuni ka tiyi kaja, kamene mwaika pa nsalu yofiira, kali ndi mkango ndi nangula. Ameneyo ndi siliva wa ku Birmingham, musakayike. Chilembo chimodzi chili pachokhacho ndi cha chaka. Apa ndi pamene anthu amasokonezeka, chifukwa zilembo zinkati zikatha ankayambiranso, ndiye "k" yemweyo amapezeka m'zaka zosiyanasiyana. Muyang'ane ngati ndi wamkulu kapena wamng'ono, kalembedwe kake, ndi maonekedwe a kabokosi kamene kamuzungulira, ndipo muyerekeze ndi ndandanda ya Birmingham yokha, poti 1975 isanafike mzinda uliwonse unali ndi yake. Mukaonaponso mutu wa mfumu kapena mfumukazi, nthawi zambiri ndi chidindo cha msonkho, cha pakati pa 1784 ndi 1890. Mukadziwa mzinda ndi chaka, m'pamene zilembo za wopanga zimathandiza, chifukwa amisiri a zilembo zofanana analipo ambirimbiri.

Mafoloko aja ndi nkhani ina. Palembedwa EPNS, ndipo mkango palibe. M'kati mwake ndi mkuwa wosakaniza ndi nikelo ndi zinki, siliva anangokutira pamwamba pogwiritsa ntchito magetsi, njira imene kampani ya Elkington ya ku Birmingham inalembetsa mu 1840. A1 uja ndi wopanga yekha akudzichemerera kuti anakutira mochindikala, palibe ofesi inayeza. Kambendera kokhala ndi W&H ndi Walker & Hall a ku Sheffield. Mukakumana ndi kalipenga, amenewo ndi James Dixon & Sons, a komweko. Opanga zokutirawa ankakonda kuika chilembo chilichonse m'kabokosi kake, zinayi kapena zisanu mondondozana, kuti ukaonera patali udziti ndi zidindo za siliva. Muziwerenga chimodzichimodzi, mupeza kuti ndi E, P, ndi zilembo za kampani.

Umboni wina uli kunsi kwa supuni, pamene imagunda tebulo, ndi kunsonga kwa mano a foloko. Pakaoneka kachikasu kotuwa, ndiye kuti siliva wapamwamba watha. Za maginito zisiyeni, sagwira siliva komanso sagwira EPNS, sakuuzani kanthu. Mawu oti Nickel Silver, German Silver kapena Alpacca asakunyengeni, m'chitsulo chimenecho mulibe siliva olo pang'ono.

Supuni yaikulu yolembedwa 90 ija mwina ndi ya ku Germany, ndipo 90 ndi magalamu a siliva amene anakutira masupuni 12 ndi mafoloko 12 pamodzi. Ikanakhala ya siliva weniweni wa kumeneko, bwenzi pali nambala ngati 800, kamwezi ndi chisoti.

Mipeni ija musaiviike m'madzi otentha. Zigwiriro zake ndi zamphako, anathiramo utomoni wogwira mpeni, ndipo ukasungunuka mpeni umagwedera. Kumsana kwa kasupuni ka tiyi kaja mundijambulirenso chapafupi, chilembo cha chaka sichikuoneka bwino.