Kodi zamoyo za ku Hawaii zinafikako bwanji?

Aphunzitsi ena a ku Area 25 kuno ku Lilongwe anditumizira imelo yofunsa kuti: ngati zilumba za Hawaii zinatumphuka pansi pa nyanja chifukwa cha mapiri ophulika, ndipo sizinalumikizanepo ndi mtunda, nanga mitengo ndi mbalame za kumeneko zinachokera kuti?

Aphunzitsi, zonsezo zinachita kubwera, koma mwa apo ndi apo pa zaka mamiliyoni ambiri. Kuchoka ku Hawaii kukafika ku America pali makilomita oposa 3,000 a madzi okhaokha, choncho zimene zinawoloka ndi zokhazo zotha kuuluzika ndi mphepo, kuyandama pa mafunde kapena kunyamulidwa ndi mbalame. Akangaude ang'onoang'ono amauluzika atagwira ulusi wawo. Njere zina zimapirira madzi amchere, monga momwe katswiri wa sayansi Charles Darwin anaonera mu 1855 pamene ankaziviika m'madzi otero kenako n'kuzibzala. Koma zomera zambiri zinabwera ndi mbalame, zina m'mimba, zina zitakanirira ku nthenga monga amachitira chisoso pa thalauza la munthu wochokera kumunda. Achule ndi njoka za pamtunda sizinathe ulendowu, ndipo nyama yoyamwitsa ya pamtunda imene inafika yokha ndi mleme basi.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi zimene zinachitika zitafika. Kagulu ka timbalame todya njere tochokera ku Asia kanatera pa zilumbazi zaka zoposa 5 miliyoni zapitazo, n'kupeza chakudya chamitundumitundu chopanda wolimbirana naye. Mwana aliyense amene mlomo wake unkayenerana bwino ndi chakudya china ankakhuta ndi kuswa ana ambiri, ndipo popeza magulu a pa zilumba zosiyana sankakumana kawirikawiri, kusiyanako kunakula mpaka panatuluka mitundu yoposa 50. Iiwi, yofiira psuu, ili ndi mlomo wautali wokhota woyamwira timadzi ta m'maluwa. Palila ili ndi mlomo wokhuthala woswera njere. Akiapolaau ndiye imadabwitsa zedi, chifukwa imagogoda khungwa ndi mlomo wam'munsi, umene ndi waufupi ndi wowongoka, kenako n'kukolowola mphutsi ndi wam'mwamba, umene ndi wautali ndi wopindika. Mukamaphunzitsa ana mukhoza kutchulanso nsomba za mbuna za m'nyanja yathu, zimene zinachulukana mitundu m'njira yofananayo m'magulu a miyala otalikirana.

Kukhala kopanda adani kunali ndi vuto lake. Kumene kulibe mbuzi kapena nyama ina yodya masamba, chomera chotaya mphamvu podziteteza sichipindula kanthu. Anthu atafika ndi makoswe ndi nkhumba, kenako azungu n'kubweretsa mbuzi ndi ng'ombe, zamoyozi zinapezeka zili zosadziteteza.

Choopsa koposa chinali udzudzu, umene unafika pa sitima mu 1826 ndipo pambuyo pake unayamba kufalitsa malungo a mbalame. Mbalame za kumeneko zinalibe chitetezo m'thupi, moti iiwi ikhoza kufa italumidwa kamodzi kokha ndi udzudzu wa matendawa. Mwa mitundu yoposa 50 ija, yotsala lero sikwana 20, ndipo yambiri imapezeka m'mapiri ozizira okha, kumene udzudzu ukukwerako tsopano chifukwa cha kutentha kwa dziko.