Mayi a ku Matawale, galuyo musakamusiye kuphiri

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa mayi ena a ku Matawale, ndipo andilola kuti ndiwayankhire pano. Mwachidule akuti chaka chatha, akuchokera kumsika, anakumana ndi mnyamata atanyamula tiagalu tiwiri m'katoni. Mwana wawo analirira kamodzi, mnyamatayo n'kulumbira kuti ndi German Shepherd weniweni, iwo n'kutulutsa ndalama yomwe ikanagula thumba la chimanga. Lero galuyo wakula, makutu ali gwa ngati galu wina aliyense wa m'mudzi, ndipo masabata 3 apitawa waswa ana 6. Alandilodi akuti pakutha pa mwezi asaonenso galu pamalopo. Bambo a kunyumba akuti angomukweza galimoto akamusiye kuphiri la Zomba, njira ya ku Chawe, pomwe mnzawo wina akuti asunge make, azigulitsa ana, ndalama ija ibwerere. Funso lawo ndi loti atsate ziti.

Mayi, musatsate zonse ziwiri.

Ndiyambe ndi za kuphiri, poti ndi zomwe zandiwawa. Galu woleredwa pakhonde sadziwa kudzisakira chakudya. Mukamusiya m'mapaini muja adzathamangira galimoto yanu mpaka atatopa, kenako adzatsikira kumene kukumveka fungo la utsi, ayambe kugwira nkhuku za eni ake, anthu amuphe ndi miyala. Akapulumuka adzalowa m'gulu la agalu oyendayenda, ndipo poti ndi wamkazi azibereka pafupifupi kawiri pa chaka, bere lake ndi la masiku 63 okha. Ana obadwira kutchirewo palibe adzawabayitse katemera. Chiwewe chimayenda m'agalu oterowo, ndipo munthu akayamba kuonetsa zizindikiro zake sachira. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies linabaya katemera wa chiwewe agalu oposa 35,000 mu mzinda wa Blantyre, ndipo ntchitoyo inadzafika kuno ku Zomba ndi ku Chiradzulu. Cholinga chawo chimakhala kufikira agalu 70 pa 100 aliwonse, chifukwa apo m'pamene matendawa amasiya kufala. Galu aliyense wotayidwa akubweza m'mbuyo ntchito imeneyo, ndipo wolumidwa kawirikawiri amakhala mwana wopita kusukulu, osati bambo amene anayendetsa galimoto.

Za bizinesiyo sindichedwapo. Mnyamata wa katoni uja anayamba chimodzimodzi. Kuti tiagalu tanuto tigulidwe pa mtengo wooneka, mudzayenera kunama monga anakunamizirani inu, ndipo mudzatichotsa kubere tisanakhwime chifukwa ogula amakopeka ndi kakang'ono kwambiri. Oweta agalu a mtundu moona amakuonetsa make ndi bambo wake, amakupatsa khadi la katemera, ndipo amakufunsa mafunso mpaka kutopa nawo. Enawa pa WhatsApp ndi pa Facebook kagalu kalikonse kakuda pamsana ndi German Shepherd, kalikonse ka mutu waukulu ndi Boerboel. Chikomekome cha mkuyu.

Sindikukusekani ayi, nanenso zinandionekera. Zaka zapitazo ndinagula kagalu m'mbali mwa msewu wa ku Blantyre, kokongola ngati chidole. Tsiku lachitatu kanasiya kudya, kanayamba kusanza ndi kutsegula m'mimba zamagazi, fungo lake losaiwalika. Tsiku lachisanu tinakakwirira kuseri kwa nyumba. Alangizi a ziweto anandiuza kuti ndi matenda a agalu otchedwa parvo, ndipo anandiletsa kubweretsa kagalu kena msanga chifukwa kachilomboka kamakhala m'dothi miyezi yambiri. Wogulitsa uja sindinamuonenso, mwina anali atasamukira pa mtengo wina.

Tsono chochita. Choyamba n'kukakhala pansi ndi alandilodi, inuyo ndi bambo, osati kutumizirana mauthenga pafoni. Tiagalu tiyenera kukhala ndi make mpaka masabata 8. Tanuto tili ndi 3, ndiye mukupempha masabata 5 okha. Auzeni tsiku lenileni lomwe agalu adzachoke. Eni nyumba ambiri chimawakwiyitsa ndi kusadziwa kuti phokoso ndi ndowe zidzatha liti. Mukawapatsa tsiku, n'kumasesa pabwalo m'mawa uliwonse, mtima umatsika. Masabata amenewa si ongoyamwa chabe. M'pamene kagalu kamaphunzira kwa make ndi abale ake kuti kuluma kuli ndi malire, ndipo kochotsedwa msanga kamakula kamantha kapena kolusa.

Pa nthawiyi make adye bwino. Mkute ndi madeya okha sizikwanira galu woyamwitsa ana 6. Muziikamo bonya kapena matemba, madzi asasowe. Mafupa a nkhuku ophika ayi, amasweka n'kubaya m'matumbo. Pogona pakhale pouma, chifukwa kuno kwathu dothi lonyowa ndi mikodzo limaitana ntchentche zija zoika mphutsi pakhungu, ndipo tiagalu ndi timene timavutika nazo kwambiri. Pitani ku ofesi ya zaulimi mukafunse alangizi a ziweto za mankhwala a njoka zam'mimba, za nkhupakupa, ndi katemera. Wa parvo amayamba pa masabata 6 mpaka 8. Wa chiwewe make abayidwe ngati sanabayidwepo, ana nawonso alangizi akuuzani tsiku lawo.

Chachikulu pa zonse, chomwe anthu ambiri amachidumpha: make akaleka kuyamwitsa, akatsekedwe asanapite kwa mwini watsopano. Ndi opaleshoni yochitidwa ndi dokotala wa ziweto, galu atagonekedwa. Mukampereka wosatseka, pakangotha miyezi yochepa munthu winayo adzakhala ndi katoni yakeyake ya tiagalu, ndipo imelo yonga yanuyi ndidzailandiranso kuchokera ku Chinamwali kapena ku Sadzi. Bungwe loteteza ndi kusamalira nyama la BSPCA ku Blantyre limagwira ntchito yotseka agalu ndi kuwapezera makomo atsopano. Aimbireni musananyamuke, mumve ngati ali ndi malo komanso mtengo wake. Ena amati galu wotsekedwa kapena wofulidwa salondanso. Wanga wa panopa ndi wotsekedwa, koma funsani anyamata owerenga mita ya madzi.

Popereka tiagaluto musangoika chithunzi pa gulu n'kulemba kuti aulere. Chaulere aliyense amatola, ngakhale amene mawa adzakamangirira pa tcheni chachifupi padzuwa kuti akuti kalusa. Yambani ndi anthu owadziwa, a kutchalitchi, a kuntchito, achibale a ku Domasi kapena ku Thondwe amene ali ndi malo awoawo. Funsani ngati nyumba ndi yawo, ndipo ngati ndi ya lendi, eni ake avomera? Akachoka masana galu atsala ndi yani? Ophunzira a ku Chanco okhala ku Chikanda amakonda tiagalu, sindikukana, koma galu amakhala zaka 10 kapena kuposa, pomwe sukulu imatha pa zaka 4. Ndipo nenani zoona: ndi agalu achikuda osakanizika. Palibe chochititsa manyazi, achikudawa ndi olimba, amapirira kutentha ndi nkhupakupa kuposa ambiri a mtundu, ndipo pa kulonda simungawaderere.

Mwalembanso kuti mwana wanu akulira kale atamva kuti galu achoka. Musamunamize kuti wathawa. Ngati make apita kwa wachibale, mutengeni mwanayo tsiku loperekalo, anyamule yekha mbale yake ndi khadi la katemera, akaone pomwe azigona. Ndipo ngati alandilodi angalole galu mmodzi atamva kuti ndi wotsekedwa, amene atsale akhale make. Ana 6 aja kupeza owatenga n'kosavuta poyerekeza ndi galu wamkulu, amene anthu amamudutsa osamuyang'ana n'komwe.