Chitsime chikununkha dizilo chonsecho chigayo chili patali

Mayi wina wa cha ku Chitakale wanditumizira imelo sabata yathayi. Akuti kumtunda kwa nyumba yawo kunali chigayo cha dizilo chomwe chinatsekedwa kale, koma oyilo wakutha ankangomukhuthulira m'dzenje kuseri komanso diramu linkadontha. Pano chitsime chawo, chomwe chili mamita ngati 40 kumunsi kwa chigayocho, chayamba kununkha makamaka mvula ikagwa. Akufunsa kuti mafutawo adutsa pati, nanga akachikumba mozama vutoli litha?

Amayi, choyamba madziwo musamwenso kuyambira lero, ana asayandikire n'komwe. Kuwiritsa kapena kuthira WaterGuard kumapha tizilombo ta kolera, koma musadalire zimenezo pa dizilo.

Takumbukirani tsiku lomwe anyamata ankakumba chitsimecho, mulu wa dothi unkasintha mtundu eti? Pamwamba lakuda la mizumizu, kenako katondo wofiira uja womata ku khasu, mukatsika ndithu mumapeza mwala wofumbwa, wotuwa, woti ukaufinya m'manja umangoti nyenyenye, ndiye pansi penipeni thanthwe loti piki imachita kuthetheka moto. Madzi athu ambiri amakhala mu mwala wofumbwawo ndi m'ming'alu ya thanthwe. Anthu amaganiza kuti pansi pali mtsinje woyenda, ayi, madzi amangoyenderera pang'onopang'ono m'timipata ta dothi kuchoka kumtunda kulowera kudambo kapena kumtsinje, ndiye ngati chitsime chanu chili pakati pa chigayocho ndi mtsinje ndiye kuti chili panjira yake yeniyeni. Dothi la makande limawachedwetsa, koma mchenga ndi ming'alu zimangowadutsitsa osasefa bwino.

Dizilo ndi wopepuka kuposa madzi, akatsika amakayandama pamwamba pake, wina amakanirira m'dothi zaka ndithu. Kuno ku Mulanje mvula yake mukuidziwa, madzi a pansi amakwera n'kufika pa dothi lamafuta lija n'kulitsuka, n'chifukwa chake fungo limakula dzinja. Amene tinaona namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 tikudziwa mmene nthaka yathu imakhutira madzi. Tatungani m'ndowa m'mawa muisiye kanthawi padzuwa, mukaona kautawaleza pamwamba ndi yemweyo, koma kusaoneka sikutanthauza kuti madzi ndi abwino.

Mamita 30 aja alangizi a zaumoyo amanena ndi otalikitsa chitsime ndi chimbudzi, poti tizilombo tambiri timafera m'njira. Mafuta safa msanga choncho.

Zokumba mozama ine sindingakulimbikitseni. Mutha kuboola dothi lomata lomwe limatchinga madzi abwino a pansi, zoipazo n'kutsikira konko kudzera m'chitsime chanu chomwe, mwaononga ndalama komanso mwaipitsira anzanu a kumunsi. Malo atsopano akhale kumtunda kwa chigayocho kapena kumbali ndithu, ndipo ngati ndi mjigo okumbawo amate simenti m'mbali mwa paipi kumwambaku kuti madzi a pamwamba asalowe.

Pitani ku ofesi ya zamadzi ku Boma ndipo mukanene momveka kuti mukukayikira mafuta, chifukwa kuyeza kwa masiku onse kumayang'ana kwambiri tizilombo, zotsatira zitha kutuluka zabwino madzi akununkhabe. Dzenje la oyilolo ndiye gwero, auzeni amfumu ndi a zachilengedwe abwere adzalione ndi kunena kokataya dothilo, lisakathiridwe mumtsinje kapena kumunda. Chitsimecho chivundikireni, ndipo auzeni onse otunga kumunsi kwanu anunkhize madzi awo mvula ikangogwa.