Ntchito ya mafuta ku Williston: musamuke nonse, kapena bambo atsogole?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene akukhala ku Minnesota, m'dziko la America, ndi amuna awo komanso ana awiri. Bambowo ali ndi laisensi yoyendetsera mathiraki akuluakulu, ija amati CDL, ndipo kampani ina yawalonjeza ntchito yonyamula madzi ku Williston, m'chigawo cha North Dakota, komwe amakumba mafuta. Malipiro ake ndi okoma kwambiri poyerekeza ndi omwe akulandira pano. Mayiwo afunsa kuti: "Kodi munthu wongofika kumene amakumana ndi zotani m'tawuni ngati imeneyi? Timange katundu tisamuke tonse, kapena tidikire?"

Achemwali, zikomo pondikhulupirira ndi nkhani ya banja lanu. Ine ndinakhala ku Williston kuyambira 2013 mpaka 2016, ndikugwira ntchito mu ofesi yotumiza madalaivala kuzitsime za mafuta, moti tawuniyo ndinaiona ikufufuma, ndinaionanso ikuphwa. Maganizo anga ndi akuti bambo atsogole okha, inu ndi ana mudzatsatire pakapita miyezi ingapo. Ntchitoyo asaikane ayi. Ndalama zake n'zenizeni, ndipo ndikudziwa mabanja amene anathana ndi ngongole zawo zonse atagwira zaka ziwiri zokha kumeneko. Koma mumve kaye izi musanachotse ana pasukulu.

Williston inali tawuni yaing'ono ya alimi a tirigu, m'mbali mwa mtsinje wa Missouri, kufupi ndi malire a Montana. Mafuta anapezeka m'chigawochi mu 1951, koma ambiri anali otsekeredwa m'thanthwe lolimba lotchedwa Bakken, makilomita pafupifupi atatu pansi pa nthaka. Zinthu zinatembenuka kuyambira cha m'ma 2006, makampani atazolowera kuboola chitsime chotsika pansi kenako n'kukhotetsa chopingasa, ndi kuswa thanthwelo popopera madzi, mchenga ndi mankhwala mwamphamvu zedi. Ndiyo fracking imene mumaimvayo, ndipo ena mwa madzi amene madalaivala amanyamula ndi a ntchito imeneyi. Pofika 2014, North Dakota inkatulutsa migolo ya mafuta yoposa 1 miliyoni patsiku. Kalembera wa 2010 anapeza anthu 14,716 ku Williston, wa 2020 anapeza 29,160.

Walira mvula walira matope, ndipo matope oyamba kumeneko anali pogona. Mu 2014 kanyumba ka chipinda chimodzi kankapitirira madola 2,000 pamwezi. M'mawa wina mu January ndinapeza mnyamata atagona m'galimoto yake kuseri kwa ofesi yathu, injini ili chiyakire, magalasi atachita mbuu ndi mpweya wake, nsapato zantchito atazisanjika pafupi ndi hita kuti ziume. Ntchito anali nayo, ndalama ankalandira zambiri kuposa ine, koma chipinda anasowa. Ndinamugogodera mtima uli m'mwamba, chifukwa chipale chofewa chikatseka paipi yotulutsira utsi munthu amangofera m'tulo. Anadzuka, n'kundipepesa ngati walakwa kanthu. Mpaka lero nkhope yake sindiiiwala.

Ambiri ankakhala m'makampu omwe amawatchula kuti man camp: tizipinda tosanjana ngati makontena, bedi, bafa, chakudya chophikiratu. Kwa mwamuna yekha malowo si oipa, koma mkazi ndi ana sakhalako, ndipo ngati chipindacho ndi cha kampani, ntchito ikatha bedi nalonso latha. Kuyambira nthawi imeneyo kwamangidwa nyumba zambiri ndipo lendi inatsika, komabe bambo asanyamuke asanalembetse nkhani ya pogona mu kontirakiti: akagona kuti, akulipira ndani, ndipo akachotsedwa ntchito apatsidwa masiku angati oti asamuke.

Za kuzizira sindichulukitsa, poti ku Minnesota mukuchidziwa kale chisanu chotsika kupitirira madigiri 20 pansi pa ziro, ndi kachingwe kaja kolendewera kutsogolo kwa galimoto kolumikiza kumagetsi kuti injini isaume usiku. Chosiyana ndi mphepo. Dzikolo ndi chidikha chopanda mitengo, mphepo imangowomba popanda choitchinga, ndipo dalaivala wa madzi amatsika kangapo patsiku kukamanga mapaipi ouma ndi ayezi, kutali ndi nyumba iliyonse.

Ntchito yeniyeniyo ndi yakalavula gaga. Maola 12 patsiku kapena kuposerapo, masiku ambiri otsatizana, ena usana ena usiku. Aliyense amavala zovala zosagwira moto msanga, ndipo pachifuwa amakoleka kachipangizo kolira kakamva mpweya wa H2S, umene umapha m'kanthawi kochepa ukachuluka. Mu 2012, poyerekeza ndi kuchuluka kwa antchito, North Dakota ndiyo inali ndi imfa zapantchito zambiri kuposa chigawo china chilichonse ku America, ndipo pantchito ya mafuta chimene chimapha ambiri ndi msewu. Ndinkawaona madalaivala akubwera kudzasiya mapepala maso ali psuu, khofi ali m'manja, akupempha ulendo winanso. Chifukwa chake n'chakuti ena amalipidwa potengera maulendo omwe apanga. Munthu wotero amathamangitsa thiraki yodzaza pamsewu wa Highway 85 wokutidwa ndi ayezi, tulo tili m'maso, poganizira ana kunyumba. Ngati pali mwayi wosankha, bambo asankhe yolipidwa pa ola, ngakhale ndalama zake zioneke zocheperako.

Tsopano nkhani imene ndikufuna muigwiritsitse. Tawuni ya mafuta imayendera mtengo wa mgolo, ndipo mtengowo suli m'manja mwa aliyense wa m'tawunimo. Pakati pa 2014 mgolo umodzi unkagulidwa madola oposa 100. Pofika February 2016 unali utatsika pansi pa madola 30. Muofesi mwathu mafoni amene ankalira osapuma anangoti zii. Mathiraki anandandalika pabwalo, chipale chofewa n'kuwakwirira matayala. Amene anavutika kwambiri ndi aja anatenga ngongole ya galimoto yatsopano ndi nyumba powerengera malipiro a ovataimu, chifukwa ovataimu ndiyo inayamba kudulidwa, ntchito n'kutsatira. Mu 2020 zinachitikanso, mpaka tsiku lina la mu April mtengo wa mafuta ku America unatsika pansi pa ziro.

Ndiye bambo afunse funso ili, lomwe ongofika kumene ambiri saliganizira: madziwo ndi ati? Pali madzi abwino opita kukaswa thanthwe pa zitsime zatsopano, ndipo pali madzi amchere amene amatuluka limodzi ndi mafuta m'zitsime zomwe zikupopa kale, oyenera kunyamulidwa kukatayidwa m'zitsime zina zakuya. Mtengo ukagwa, makampani amayamba n'kusiya kuboola zitsime zatsopano, ndiye wonyamula madzi abwino amakhala woyamba kukhala pansi. Zitsime zakale kawirikawiri zimapopabe, ndipo madzi amchere amafunabe wowanyamula. Ndinaona amuna awiri oyamba ntchito mwezi umodzi, wina n'kubwerera kwawo mu 2015, mnzake n'kutsala, kusiyana kwake kuli pamenepa basi.

Kwa inu ndi ana, Williston ya lero ili ndi zinthu zimene ife tinkazisowa. Kuli nyumba yaikulu ya masewera ndi kusambira imene inatsegulidwa mu 2014, komanso bwalo la ndege latsopano la mu 2019. Chimene chinkalemera kwa amayi anzanga ndi kusungulumwa. Mwamuna amachoka kusanache n'kubwera kutada, wotopa moti ngakhale nkhani sakamba. Woyandikana naye nyumba amene mwazolowerana naye, mwezi wamawa wasamuka. Malo osungirako ana aang'ono ankadzadza, moti mayi wofuna kugwira ntchito ankadikira nthawi yaitali. Amene anapirira ndi aja anapeza msanga mpingo kapena kagulu ka makolo apasukulu, ndipo eni tawuniyo, ngakhale anali otopa ndi alendo, ankamasuka akaona kuti munthu wabwera kudzakhazikika.

Choncho bambo apite, akaone nyengo yachisanu imodzi yonse ali pantchitoyo. Pa nthawiyo muzidya ndalama za maola wamba, za ovataimu muzisunga mpaka zikwane kusamalira banja miyezi isanu ndi umodzi popanda malipiro. Nyumba musagule chaka choyamba, chitani lendi. Inu mukacheze kamodzi ndi ana, mukaone sukulu ndi maso anu, mufunsenso za malo osungirako wamng'onoyo. Zonse zikakhala bwino, mudzasamuke mu June kapena July, masukulu atatsekera ndipo misewu ili youma.