Ndili ndi madola 600 komanso luso lopanga app: ndiyambire pati?

Mnyamata wina wa ku Mufakose, mu mzinda wa Harare ku Zimbabwe, watilembera kuti anaphunzira kupanga mapulogalamu a pafoni, ndipo wasunga madola 600. Akufuna kupanga app yoti amayi ogulitsa tomato, anyezi ndi masamba m'makomboni azioda katundu ku msika waukulu wa Mbare Musika popanda kulawirira m'mamawa kukakwera kombi. Akufunsa ngati ndalamazo zingakwane komanso komwe angapeze omuthandiza mpamba.

Achimwene, vuto mwalionalo ndi lenileni. Koma app muyambe mwaiika pambali. Amayi ambiri amene mukuwafunawo amagula bandulo ya WhatsApp yokha, ndiye app yanu siidzatseguka pafoni yawo. Ena foni zawo n'zodzaza kale ndi zithunzi, ena ali ndi kafoni ka mabatani. Mukhoza kutha miyezi itatu mukulemba pulogalamu, n'kulipira madola 25 olembetsera ku Google Play, koma osapeza munthu woitsitsa.

Yambani ndi WhatsApp Business, yomwe ndi yaulere. Pezani amayi 15 kapena 20 a dera limodzi, oyandikana moti mukhoza kuwafikira onse ndi ngolo imodzi. Aliyense asunge nambala yanu m'foni mwake, chifukwa uthenga wotumiza kwa ambiri nthawi imodzi umafika kwa okhawo amene anaisunga. Madzulo muzilandira maoda, m'mamawa mukagule ku Mbare, dzuwa lisanakwere katundu akhale wafika. Chitani zimenezi milungu isanu ndi umodzi, ndipo chilichonse muzilemba m'kope: mtengo wa bokosi la tomato tsiku limenelo, ya thiransipoti, ya wokankha ngolo, tomato wophwanyika, amene sanalipire. Kope limeneli ndi limene lidzakuuzeni zimene app iyenera kuchita, ngati idzafunike n'komwe.

Pa malipiro m'pamene ambiri amagwera, ndiye tichedwepo. Tiyerekeze kuti mukuonjezera dola imodzi pa oda ya madola 20. Ndalama ikadutsa pa njira zotumizira ndalama pafoni monga EcoCash, OneMoney kapena InnBucks pamakhala chodula cha kampani, komanso msonkho wa IMTT wolipira potumiza ndalama, umene boma linaukhazika pa 2 peresenti mu October 2018 ndipo lakhala likuusintha m'mabajeti. 2 peresenti ya madola 20 ndi masenti 40. Mukatumizanso ndalamayo kwa mlimi, yadulidwanso. Dola yanu ija yatsala pang'ono kutha musanalipire kombi. Choncho gwirizanani poyamba kuti chodula akulipira ndani, ndipo muchiike mu mtengo. Mitengo muzinena mu ndalama imene mukagulire katundu. Mlimi akafuna madola inu mwalandira ZiG, ndalama ya Zimbabwe yomwe inayamba mu April 2024, kusiyana kwa mtengo wosinthira kudzatuluka m'thumba mwanu.

Musatulutse katundu chifukwa choonetsedwa uthenga kapena chithunzi choti ndalama yatumizidwa. Mauthenga abodza ngosavuta kupanga. Ngati ndi EcoCash, imbani *151# muone nokha kuti yalowa. Musadalirenso njira imodzi yolandirira ndalama: mu 2020 Reserve Bank of Zimbabwe inatseka malaini a maejenti a ndalama za pafoni, ndipo amene bizinesi yawo inkadalira malainiwo anaima tsiku lomwelo. Ngongole kwa makasitomala ikhale ya tsiku limodzi basi, chifukwa madola 600 sangapirire amayi khumi onena kuti alipira Lachisanu.

Madola 600 aja tingawagawe chonchi: 300 ikhale yozungulira pogula katundu, 100 ya thiransipoti ya mwezi woyamba, 50 ya laini ya bizinesi yokha, bandulo ndi power bank yabwino, popeza magetsi a ZESA akazima usiku maoda asamafere m'foni yakufa. Yotsalayo musaikhudze mpaka mutaona kuti amayiwo akubweranso okha sabata yachitatu ndi yachinayi.

Akamabweranso, lembetsani bizinesi. Private Business Corporation ndi yotsika mtengo komanso yosavuta kuposa kampani ya Private Limited, ndipo mukatenga nambala ya msonkho ku ZIMRA, bungwe lotolera misonkho, mukhoza kutsegula akaunti ya kubanki, kupempha merchant code ya EcoCash (nambala ya bizinesi yolandirira malipiro), kapena kulumikiza Paynow, njira yolipirira pa intaneti, pa tsamba lanu. Nambala za foni ndi malo okhala a makasitomala muzisunge bwino, osagawira ena. Lamulo la Cyber and Data Protection Act la 2021 limakhudzanso bizinesi yaing'ono. Za kukhala ndi kodi yanuyanu ya USSD, yoimba ngati *151#, ziyembekeze kaye, zimafuna mgwirizano ndi makampani a mafoni komanso ndalama za mwezi ndi mwezi.

Za othandiza mpamba: Tony Elumelu Foundation imalandira mafomu kumayambiriro kwa chaka kuchokera m'mayiko onse a mu Africa, ndipo osankhidwa amaphunzitsidwa n'kupatsidwa madola 5,000 osabweza. POTRAZ, bungwe la boma loyang'anira za mafoni ndi mtengatenga, nayo imathandiza achinyamata a luso la makompyuta, ndipo ku Impact Hub Harare mungakumane ndi anzanu ochita zofanana. Ofunsira ndi ambiri zedi, ndiye pa fomu musangolemba maloto a app. Lembani kuti muli ndi makasitomala angati, amaoda kangati pa sabata, ndipo pa oda iliyonse mumatsala ndi masenti angati mukachotsa zonse. Aliyense wokuuzani kuti mulipire kaye kuti akupezereni thandizo lotere, nambala yake muitseke.