Zili pamsana pa mboziyo si mazira

Mwalemba kuti mwapeza mbozi itamatidwa tinthu toyera ngati mpunga, ndipo mukufuna ndikuuzeni dzina la kachilomboko poona chithunzi mwatumizachi. Amenewo si mazira, mbozi siikira. Ndi zikwa za timavu ting'onoting'ono, mwina ta gulu la Cotesia, m'banja la Braconidae. Mavu aakazi anaibaya mboziyo ili yaing'ono n'kuikira m'kati mwake. Mphutsi zadya mpaka kukhwima, kenako zaboola khungu n'kuluka zikwa panja. Mboziyo yatha kale, musaipopere mankhwala, mungaphe okuthandizani.

Koma dzina lenileni la mtundu wake, ayi ndithu. Wokuuzani dzinalo poona chithunzi cha pafoni akungolota. Banja lina la mavu otere, la Ichneumonidae, lokha lili ndi mitundu yodziwika pafupifupi 25,000, ndipo maonekedwe amanamiza. Chosiyanitsa chili pa phiko lakutsogolo: a Ichneumonidae ali ndi kamtsempha kopingasa kotchedwa 2m-cu, pomwe a Braconidae alibe. Onsewa tinyanga tawo n'tatitali, kawirikawiri mfundo 16 kapena kuposa. A Chalcidoidea, gulu linanso la timavu, tinyanga tawo n'topindika pakati, mfundo sizipitirira 13, ndipo mapiko alibiretu mitsempha yambiri. Mavu a m'gululi otchedwa Trichogramma, amene amaikira m'mazira a agulugufe n'kuwadetsa bii, safika n'komwe milimita imodzi. Foni ingaone zimenezo?

Komanso chotuluka m'chikwa si nthawi zonse chimakhala mwini chikwa. Pali timavu tina timene timaikira m'mphutsi za timavu tinzawo, moti mutha kudikira Cotesia n'kutuluka mdani wake.

Ena amati mayinawa n'zongotayitsa nthawi. Akulakwa kwambiri. Kodikodi wa chinangwa atavuta mu Africa m'ma 1970, mavu oyamba amene akatswiri anatenga analephera chifukwa anawachotsa pa kodikodi wa mtundu wina wofanana naye. Weniweniyo atapezeka ku Paraguay, m'pamene panapezekanso mavu oyenera otchedwa Anagyrus lopezi, amene anamasulidwa ku Nigeria mu 1981 n'kuthetsa mliriwo. Hans Herren, katswiri amene anatsogolera ntchitoyi, analandira nazo mphoto ya World Food Prize mu 1995.

Chochita tsopano

Dulani tsambalo pamodzi ndi mbozi, ikani m'botolo louma, pansi muyale kapepala, kukamwa mumange kansalu kopyapyala. Mukatseka ndi chivindikiro mumachita thukuta ndipo zikwa zimagwira chuku, padzuwa zimapsa. Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri timavu tituluka. Tingapo tiikeni mu ethanol wa 70 mpaka 80 peresenti, kapena 95 ngati adzapime DNA, totsalato mutimasule m'munda. Lembani ndi pensulo, chifukwa inki imasungunuka: tsiku, malo, mbewu ndi mtundu wa mbozi. Zikwa zopanda kanthuzo musungenso, katswiri adzazifuna.